Pakamwa pa Amalume

Anthu a ku Zemba mpaka lero amati "pachipala", ngakhale kuti mvukuto unaleka kupuma ine ndili mwana. Ndi shedi ya malata m'mbali mwa msewu, pomwe timapanga ngolo za ng'ombe ndi kukonza zothyoka. Anayambitsa ndi amalume awo a amalume anga, amene ankasula makasu ndi nkhwangwa. Iwo atamwalira, chipala chinapita kwa mwana wa mlongo wawo, monga mmene zinthu zimayendera kwathu. Amalume anga anagula jenereta ndi makina owotcherera, nayamba kupanga ngolo. Ine ndine mwana wamwamuna yekhayo wa mlongo wawo. Palibe anandiuzapo kuti chipala chidzakhala changa. Zinali zosafunika kunena.

Koma ine ndinkafuna kuti zinenedwe. Ndinkafuna kuti tsiku lina amalume ayang'ane ntchito ya manja anga, anene okha kuti akundisiyira chipala chifukwa ndimatha.

Ndinalowa pachipala nditangomaliza sekondale ku boma. Anzanga anapita ku Chipata kukafuna ntchito, ine ndinabwerera kumudzi, pakuti amayi anati malo anga alipo kale. Amalume anandiyambitsa pa kuwongola zitsulo ndi kuboola matabwa. Kenako anandipatsa chotchinga kumaso nandilola kuwotcherera. Sanali munthu woyamikira. Ngolo ikatha ankaizungulira, kuponda tayala ndi phazi, kugwedeza mtengo wokokera. Akapeza cholakwika ankachitchula. Akapanda kupeza ankangopita kukasamba m'manja. Ndinazolowera kuti kukhala chete kwawo ndiko kuyamikira, ndipo kwa zaka zambiri ndinali wokhutira nako, chifukwa ndinkaganiza kuti mawu ena alibe.

Amalume ali ndi mwana wamkazi, msuweni wanga, wamng'ono kwa ine. Kwathu msuweni ndi mkazi wako wa nthabwala. Mumanyozana, mumalandana zakudya, akuluakulu osakuletsani. Kale ena ankakwatiranadi, kuti chuma cha malume chidyedwe mbali zonse ziwiri. Amalume sanatchulepo zimenezo, koma msuweni wangayo akamandiitana kuti "amuna anga" pamaso pa anthu, iwo ankamwetulira cham'mbali. Ine ndinakwatira mkazi wa ku Mlolo amene ndinakumana naye ku msonkhano wa makwaya, ndipo sindinadandaulepo. Msuweni wanga anapita ku Chipata kukaphunzira kusoka. Anabwerako ndi makina osokera ndi mwamuna.

Mwamunayo ankagwira ntchito pa galaja, kuwotcherera mabodi a malole. Anali wamfupi, wosachedwa kuseka, wa zipsera za moto m'mikono. Ukwati utachitika anabwera chikamwini, namanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Mkamwini amagwirira ntchito apongozi, choncho anayambira kumunda. Mizere yake inali yokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera ku mowa. Akazi a amalume atawona mundawo anati, munthu uyu mutengereni kuchipala asanatiphe ndi njala.

Apa m'pamene ntchito yanga yachiwiri inayambira. Amalume ndi mkulu wa mpingo, koma pa ulemu wa chipongozi anali munthu wakale. Mkamwini sadya ndi apongozi, sakhala nawo mpando umodzi, sawayang'ana m'maso, ndipo salankhula nawo yekha ngati pali wina woti mawu n'kudzerako. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, munthu amangopatuka panjira. Koma shedi yathu ndi yaing'ono. Ukatembenuza chitsulo chachitali umagunda mnzako.

M'mawa woyamba amalume anaima pafupi ndi ngolo yomwe mkamwini ankamanga. Anali pafupi moti akanatambasula mkono akanam'gwira. Anatembenukira kwa ine.

"Uwauze akamwini kuti ekiselo ya matayala yapendama."

Mkamwini anali atamva. Ngakhale munthu wodutsa pa njinga anamva. Komabe ine ndinati, "Alamu, akuti ekiselo yapendama."

Iye ali chigwadire, maso pansi, anati, "Muwauze atate kuti ndaona. Yapendama ndi nthaka, osati ekiselo."

"Amalume, akuti ndi nthaka."

"Uwauze kuti nthaka imeneyi yabereka ngolo zambiri zowongoka iwo asanabadwe."

Anthu obwera kudzakonzetsa ankaseka, ena ankachedwa dala kuti amve. Inenso ndinkasangalala. Palibe mawu ankadutsa m'shedimo osadzera mwa ine. Ndinkanena monga ndauzidwira, osachotsa, osawonjezera. Masana msuweni wanga ankabweretsa chakudya m'mbale zosiyana. Ine ndi amalume tinkadyera m'shedi, mkamwini ankanyamula mbale yake kupita kuseri, pamthunzi wa mulu wa matayala. Nthawi ya chakudyayo inali yanga. Ndi pomwe amalume ankandiuza za ma ekiselo oti ndikafune ku Chipata, za munthu amene ng'ombe zake zafooka, za mlaliki amene watalikitsa ulaliki.

Mkangano weniweni unabuka pa masipuling'i. Ngolo zathu zonse bodi inkakhala pa ekiselo penipeni. Mkamwini anapeza masipuling'i a galimoto yakufa ndipo anafuna kuwaika pansi pa bodi.

"Uwauze kuti ngolo si minibasi," anatero amalume.

"Muwauze atate kuti ngolo zimenezi zimanyamulanso odwala ndi amayi apakati kupita ku chipatala. Msana wa munthu si thumba la chimanga."

Ndinayang'ana amalume ndisananene, kuti mwina andiletse. Sanandiletse. Ndinanena. Mumtima ndinati apa mlendo wadziwotcha yekha, chifukwa ine mawu otere sindinayesepo kuwalankhula kwa iwo. Amalume anati, "Uwauze apange. Ikathyoka adzaikoka okha m'malo mwa ng'ombe."

Ngolo itatha, mwini wake anabwera ndi ng'ombe zake. Amalume anakwera kumbuyo, ngolo inatsikira ku dambo kumene njira ili ndi maenje. Ife tinatsala tikuyembekezera. Atabwerako anatsika pang'onopang'ono. Sanaponde tayala. Sanapite kukasamba m'manja. Anabwera kwa ine, nkhope ili ngwee ngati mwana amene wakwera galimoto koyamba.

"Uwauze akamwini kuti ali ndi manja."

Ndinaima. Anabwereza, poganiza kuti phokoso la jenereta landigonthetsa. "Uwauze kuti ali ndi manja. Zaka zonsezi sindinaonepo ntchito yotere."

Ndinatembenuka. "Alamu, akuti muli ndi manja. Akuti zaka zonsezi sanaonepo ntchito yotere."

Mkamwini anawomba m'manja mwaulemu. Ine ndinapita kukazimitsa jenereta. Zaka zonsezo zimene ankanenazo, ine ndinalimo.

Kuyambira pamenepo mawu amene ndinkanyamula anasintha. Uwauze kuti msoko uwu ndi wosalala. Uwafunse kuti chitseko cha kumbuyo tichimange bwanji. Uwauze apumule, dzuwa lakula. Mawu amene ndinawadikira kuyambira unyamata anali kutuluka tsopano tsiku ndi tsiku, kudzera pa lilime langa, kupita kwa munthu wina. Pa chakudya chamasana nkhani inali yomweyo. Kodi anaphunzira kuti? Kodi bambo ake analinso mmisiri? Kodi thanki ya madzi angapange? Ndinkayankha zimene ndikudziwa, zina ndinkapita kuseri kwa shedi kukafunsa, chakudya changa chikuzizira.

Chikanandipepukira mkamwiniyo akanakhala munthu woipa. Sanali. Ankandipatsa ulemu wonse. Ankabisa zolakwa zanga, kuzikonza amalume asanazione, osanena kanthu. Mkazi wanga atadwala, ndi iye amene anabwereka njinga yamoto kum'tengera ku boma. Ndinkamuyang'ana akamawotcherera, dzanja likuyenda mosathamanga, ndipo ndinkafufuza poti ndim'dere. Sindinapapeze. Ndinkangoona kuti akaseka, amalume kumbali kwawo ankadziletsa kuseka.

Msuweni wanga anaona. Tsiku lina akutula mbale anandiyang'anitsitsa.

"Amuna anga, nkhope yatupa bwanji? Akulumani mavu?"

"Ndi utsi wa marodi owotcherera."

"Utsi wa marodi umafiiritsa maso, sutalikitsa milomo. Milomo imeneyi munthu angapachikepo jekete."

"Tula mbale uzipita, iwe. Makina ako osokera akuzizira."

"Munandikana nokha. Mukanandikwatira ine bwenzi simukuyenda ndi mawu a mwamuna wina ngati wapositi."

"Ndikanakukwatira iwe bwenzi nditawolokera ku Mozambique kalekale, osabwerako."

"Bwenzi nditakulondolani. Kumenekonso asuweni aliko."

Anaseka napita. Amalume anasekanso. Chisuweni sichikwiyitsa, ndiye lamulo lake, choncho inenso ndinaseka. Koma mawu aja a wapositi anakhala nane masiku ambiri.

Amayi, mlongo wawo wa amalume, ankaona nkhaniyi mwa njira yawo. Nditawatchulira pang'ono anati, "Mkamwini ndi tonde wobwereka. Akamaliza ntchito yake amabwerera kukhola kwawo. Chipala chili pa nthaka yathu, chinachokera kwa amalume athu. Ukuopa chiyani?" Sindinathe kuwafotokozera. Iwo ankanena za nthaka ndi malata. Ndinangoti palibe chimene ndikuopa.

Msuweni wanga atabereka mwana wachiwiri, amalume anandiuza tili pa chakudya.

"Loweruka ugwire tambala wofiira uja. Uwauze akamwini adzadye nane."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Mkamwini akakhalitsa, ana atabadwa, apongozi akakhutira naye, amam'phera nkhuku namuitana kuti adye nawo mbale imodzi. Kuchokera tsiku limenelo manyazi amatha, amalankhulana okha. Ndinapita kuseri kwa shedi. Iye anali atakhala pa tayala, mbale pamwendo.

"Alamu, akuti Loweruka mudzadye nawo."

Anaika mbale pansi. Maso ake anadzaza misozi, ndipo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri ngati ndine ndam'patsa mphatsoyo. "Zikomo, alamu. Inu ndinu mwandiyendetsa m'nyumba muno." Ndinati palibe kanthu.

Tambalayo ndinam'thamangitsa ndekha, ndinam'pha ndekha. Loweruka masana tinakhala pakhonde la amalume, anthu atatu. Mkamwini anafika chokwawa, nakhala pansi kumapeto kwa mphasa. Amalume anam'kodola ndi dzanja kuti asendere. Anasendera pang'ono. Anam'kodolanso. Akazi a amalume anabweretsa madzi, onse awiri anasamba m'beseni limodzi, ine pambuyo. Amalume anapemphera, kenako anafufuza m'mbale ya ndiwo, natenga nthutumba, nayiika mbali ya mkamwini.

"Idyani, mwana wanga," anatero, akumuyang'ana kumaso.

"Zikomo, atate."

Ndinkayembekezera kuti adzachita manyazi, kuti mawu adzawasowa, adzanditembenukira monga mwa masiku onse. Sizinatero. Zinali ngati watsegula madzi amene anatsekeredwa nthawi yaitali. Anayamba ndi masipuling'i, anapita ku mabuleki, anafika pa ngolo yonyamula mgolo wa madzi. Amalume ankajambula ndi chala pa simenti, mkamwini ankafufuta ndi chikhatho n'kujambula zake. Panthawi ina mkamwini anati, "Apo ndiye mwanama, atate," ndipo amalume anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinadya ntchafu, ndinadya phiko, ndinasamba m'manja. Nditatsanzika, onse awiri anati pita bwino, osadukiza nkhani yawo.

Lolemba m'shedi amalume anati, "Bawuti iyi yafupika." Ine ndinali nditayamba kale kunena kuti, "Alamu, akuti..." pamene ndinaona kuti awiriwo aweramira pamodzi pa bawutiyo. Masana msuweni wanga anabweretsa mbale imodzi yaikulu ya tonse atatu. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anasiya. Kusiya kwakeko kunandiwawa kuposa chipongwe.

Ntchito inachuluka. Anthu ankachokera ku Mlolo ndi kupitirira kudzafuna ngolo ya masipuling'i. Ine ndinkawotcherera, kukagula zitsulo, kulankhula ndi eni ngolo. Inenso ndinaphunzira kuika masipuling'i, ndipo ngolo zanga zinkayenda bwino. Amalume ankaziponda tayala napita kukasamba m'manja.

Kenako thupi linayamba kuwakana. Maso anachita nkhungu, miyendo inkatupa, ndipo a chipatala ku boma anati azibwera pafupipafupi. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anatiitana tonse kunyumba kwawo. Amayi anavala chitenje chawo chatsopano, ndipo njira yonse ankayeseza zonena. Anali okonzeka kutchula amalume awo, nthaka, manda. Anandiuza kuti ine ndisalankhule, nkhondoyi ndi yawo.

Nkhondo sinachitike. Amalume analankhula mwachidule. Anati chipala ndi cha mbumba, anachilandira kwa amalume awo, ndipo akuchipereka kwa mwana wa mlongo wawo. Shedi, jenereta, makina, zitsulo zonse. Ana awo asadzatengepo ngakhale sipanala. Amayi anatsala kukamwa kuli yasa, mawu onse aja ali m'mimba. Kenako analuluta pang'ono.

Pamenepo mkamwini anagwada. Anapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake ndi ana akakhale ku boma, kumene kuli magetsi, akatsegule malo akeake. Amalume anavomera asanamalize n'komwe kupempha. Anawonjezera kuti iwo ndi akazi awo apita nawo, chifukwa chipatala chili pafupi. Palibe anadabwa kupatula ine ndi amayi. Zonse zinali zitakambidwa kale.

Tsiku la ulendo, kalole kakang'ono kanaima pamsewu, katundu atamangidwa. Amalume anabwera kushedi ndi ndodo yawo, nalowa, nayang'anayang'ana. Tinali awiri. Ndinali nditalumbira kuti sindifunsa, koma ndinafunsa.

"Amalume, pakanapanda mwambo, chipala mukanasiyira ndani?"

Anakhala pa benchi. "Ukufunsiranji chinthu choti ukuchidziwa?"

"Ndikufuna ndimve kwa inu."

"Iye," anatero. Sanazengereze. "Koma iwe sudzachigwetsa. Ndiwe wosamala. Ngolo zako sizibwerera."

Iwo anagogoda pansi ndi ndodo.

"Ukuganiza kuti ine anandisankha? Amalume anga anali ndi mwana wawo wamwamuna. Ameneyo akasula nkhwangwa, anthu ankabwera kudzangoiona. Ankadya naye, ankaseka naye. Ine ndinkapopa mvukuto. Atamwalira, akuluakulu anati chipala n'cha mwana wa mlongo, ndipo mwana uja anapita ku migodi osabwerako. Ine ndinagwira ntchito basi."

"Sizinkakuwawani?"

"Zinkawawa. Ndiye ndikanatani?"

Kunja dalaivala analiza hutala. Msuweni wanga anafuula ali pamwamba pa matumba, "Amuna anga, bwezani atate anga! Chipala mwatenga, mukufunanso ndi madala omwe?" Ndinawagwira mkono mpaka pa galimoto. Mkamwini anatsika, nawakweza kutsogolo, nawakonzera pilo kumsana. Kwa ine anati, "Alamu, chilichonse chikavuta mundiimbire." Ndinati ndidzaimba.

Chipala chilipo. Ndimatsegula m'mawa, ndimatseka madzulo. Amayi akamadutsa amaima pamsewu kuyang'ana malata, amakhutira. Anthu amabwerabe, ngakhale ena amafunsa kaye ngati mkamwini uja amabwerako nthawi zina. Ndimawauza kuti ali ku boma, njira ndi yomweyi.

Ndikapita ku boma kukagula marodi ndimadzera kumeneko, chifukwa kusadzera kungakhale kupanda ulemu. Malo a mkamwini ali kuseri kwa msika. Amalume saonanso bwino, koma m'mawa uliwonse amawatengera kumeneko, amakhala pa mpando pafupi ndi khomo. Ndimawamva ndisanawaone, akukangana naye za geti kapena za thanki. Ndimagwada, ndimapereka moni, ndimatula nsawawa zimene amayi atumiza. Amandigwira dzanja nalisunga kanthawi.

"Chipala chili bwanji?"

"Chilipo, amalume."

"Chabwino."

Amagwedeza mutu. Kenako amatembenukira kwa iye kuti amalize zimene ankanena.